Kodi Mkhristu wopulumuka mwa chikhulupiriro akadali pansi pa chilamulo?

Funso: Mayi wina wa ku Chibavi, muno mu Mzuzu, walemba kuti: "Ndine wa Umanyano, bungwe la amayi mumpingo wa CCAP. Alamu anga, amene amapemphera Loweruka, adandipeza ndikuphika mlamba wowamba ndipo adati ndikuswa lamulo la Mulungu, monga momwe ndimasweranso Sabata popemphera Lamulungu. Mwana wanga wamwamuna, yemwe tsopano amapita ku felosipi ina, akuti zonsezo n'zakale chifukwa tili pansi pa chisomo, moti ngakhale chakhumi adaleka kupereka. Mwana wanga wamkazi naye adamuimitsa kudya Mgonero chifukwa adatenga pakati asanakwatiwe. Ngati timapulumuka mwa chikhulupiriro, malamulo ali ndi ntchito yanji? Ngati akugwirabe ntchito, n'chifukwa chiyani ena timawasunga, ena n'kuwasiya?"

Yankho: Mayi, mkangano umene uli pakhomo panu udayamba atumwi akadali moyo, ndipo udayambira pomwe wanuwo wayambira, ndiko kuti pa chakudya. Ndiyambe ndanena pamene ndaima ine, kuti zotsatirazi muziziyeza mukudziwa. Kusunga malamulo sikusandutsa munthu kukhala mwana wa Mulungu, pakuti zimenezo amachita ndi Mulungu mwini mwa chisomo chake, munthu n'kungolandira ndi chikhulupiriro; koma mwana amene walandiridwa m'nyumba amapezamo mwambo wa nyumbayo, ndipo amausunga chifukwa ndi mwana kale, osati pofuna kugula malo pakhomopo. Alamu anu ndi mwana wanu aliyense wagwira mbali yake ya nkhaniyi, ndipo pamene asemphana ndi pa funso lakuti chimatsogola n'chiyani, chimatsatira n'chiyani.

Liwu loti chilamulo timalitchula pa zinthu zingapo zosiyana, ndipo anthu ambiri amakangana mpaka dzuwa kulowa osadziwa kuti aliyense akunena zake. Paulo akamati chilamulo, kawirikawiri amanena za pangano lonse la Mose lopezeka m'mabuku asanu oyamba a Baibulo, momwe aphunzitsi achiyuda adawerengamo malamulo 613. M'kati mwa amenewo muli Malamulo Khumi. Kunja kwa onsewo kuli malamulo a mipingo yathu, okhudza kalasi, yunifolomu, zopereka ndi chilango, amene adalembedwa ndi anthu ofuna kuti mpingo uyende mwadongosolo. Dziwaninso kuti liwu lachihebri loti Torah limayandikira kwambiri ku zimene ife timati malangizo kapena mwambo, ndipo Myuda wopembedza sankaliona ngati goli, monga momwe alaliki ena amanenera. Salimo 119, lomwe lili ndi mavesi 176, lonse ndi nyimbo ya munthu wokondwera ndi chilamulo.

Tsegulani Eksodo 20 muone pamene Malamulo Khumi ayambira. Lamulo loyamba lisanatchulidwe, Mulungu akukumbutsa Aisraele kuti ndiye adawatulutsa ku Ejipito, m'nyumba ya ukapolo. Sadawapatse miyala iwiri ija akadali kuumba njerwa n'kuwauza kuti akaisunga bwino adzawamasula. Adayamba wawaolotsa nyanja, malamulo n'kubwera pambuyo paphiri la Sinai. Za Abrahamu zidayendanso chimodzimodzi. Pa Genesis 15:6 adakhulupirira Mulungu ndipo adayesedwa wolungama, pamene mdulidwe udadza pambuyo, m'mutu 17. Paulo pa Agalatiya 3:17 akuwonjezera kuti chilamulo chidafika patapita zaka 430 chiperekedwereni lonjezo, kotero sichingafafanize lonjezolo. Choncho si zoona kuti m'Chipangano Chakale anthu ankapulumuka ndi ntchito, m'Chatsopano n'kumapulumuka ndi chisomo. Chisomo chidatsogola konsekonse.

Vuto lidabuka pamene anthu a mitundu ina, osadulidwa ndiponso odya nkhumba, adayamba kukhulupirira Yesu. Abale ena ochokera ku Yudeya ankaphunzitsa kuti munthu wosadulidwa monga mwa mwambo wa Mose sangapulumuke. Ku Antiokeya, Petro ankadya mbale imodzi ndi Akhristu a mitundu ina, koma atafika alendo ochokera ku Yerusalemu adayamba kudzipatula, ndipo Paulo adamudzudzula pamaso pa onse, pakuti kudzipatula kwakeko kunkauza anzakewo kuti chikhulupiriro chawo mwa Khristu n'choperewera kufikira atasanduka Ayuda. M'mutu womwewo, pa Agalatiya 2:16, ndi pamene Paulo akunena kuti munthu sayesedwa wolungama ndi ntchito za lamulo koma mwa kukhulupirira Yesu Khristu. Msonkhano wa ku Yerusalemu, umene udachitika cha m'chaka cha 49 ndipo nkhani yake ili pa Machitidwe 15, udagamula kuti amitundu asasenzetsedwe mdulidwe ndi chilamulo chonse cha Mose. Udangowapempha kupewa zinthu zinayi: zoperekedwa nsembe kwa mafano, magazi, nyama yopotola ndi dama. Mlamba ndi nkhumba sizidatchulidwe m'kalata imeneyo.

Pali vesi lina limene ndimakonda kuchedwapo ndikamaphunzitsa, chifukwa apa Chichewa chathu chidagwira bwino nkhaniyi. Pa Agalatiya 3:24 Paulo adalemba liwu lachigiriki loti paidagogos, dzina la kapolo wa m'nyumba amene ankaperekeza mwana wa mbuye wake kusukulu, kumuyang'anira panjira ndi kumulanga akapulupudza, kufikira mwanayo atakula. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka mu 1922, adaika pamenepo liwu loti namkungwi. Inu mukudziwa kuposa ine mphamvu ya namkungwi: namwali akakhala m'tsimba sayankha, sadzutsa mutu, ndipo chimene namkungwi wanena chimakhala chomwecho. Koma chinamwali chimatha. Namwali amatuluka, amakwatiwa, amakhala mayi wa pakhomo pake, ndipo namkungwi samutsatira kukakhala naye m'nyumba. Mayi amene patapita zaka khumi amathamangirabe kwa namkungwi kukafunsa chilichonse chochitika m'nyumba mwake, ndiye kuti sadakule. Koma amene wataya zonse zimene adalangizidwa, akumati ine ndidatuluka kale m'tsimba, anthu amamunena kuti ngwosavinidwa. Mwambo udachoka pakamwa pa namkungwi n'kukhazikika mumtima mwa wolangizidwayo. Fanizoli silifanana ndi lachigiriki m'zonse, koma limatifikitsa pa zimene Yeremiya 31:33 adalonjeza, kuti m'pangano latsopano Mulungu adzalemba chilamulo chake m'mitima ya anthu, ndiponso pa zimene Paulo akunena pa Agalatiya 3:25, kuti chikhulupiriro chitafika sitilinso pansi pa namkungwi.

Mwana wanu wamwamuna wawerenga bwino Aroma 6:14, pamene pakuti sitili pansi pa lamulo koma pansi pa chisomo. Mumupemphe kuti asatseke buku pamenepo, chifukwa vesi 15 likufunsa ngati tsono tizichimwa poti tili pansi pa chisomo, ndipo Paulo akukana kwamtuwagalu. Paulo yemweyo akuti pa Aroma 3:31 chikhulupiriro sichithetsa lamulo koma chimalikhazikitsa, ndipo pa Aroma 7:12 akuti lamulo ndi loyera, lolungama ndi labwino. Ambuye Yesu pa Mateyu 5:17 adati sadadze kudzapasula chilamulo koma kudzachikwaniritsa, ndipo m'mavesi otsatirawo sadachipeputse konse: lamulo loletsa kupha adalifikitsa pa mkwiyo, loletsa chigololo adalifikitsa pa diso losirira. Maganizo otaya Chipangano Chakale si atsopano. Mphunzitsi wina dzina lake Marcion adawaphunzitsa ku Roma, akumati Mulungu wa chilamulo ndi wina, Atate wa Yesu ndi wina, ndipo mpingo udamuchotsa cha m'chaka cha 144.

Ena amadabwa kuti Yakobo 2:24 akuti munthu amayesedwa wolungama ndi ntchito, osati ndi chikhulupiriro chokha, ngati kuti akutsutsana ndi Paulo. Martin Luther naye zidamuvuta, moti m'mawu oyamba a Chipangano Chatsopano chimene adamasulira m'Chijeremani mu 1522 adaichepsa kalata ya Yakobo kuti ndi ya udzu. Ine ndikuona kuti atumwi awiriwa ankachiza matenda osiyana. Paulo ankalimbana ndi anthu oika mdulidwe ndi zakudya pakhomo lolowera kwa Mulungu, pamene Yakobo ankalimbana ndi anthu ovomereza ndi pakamwa pokha, amene amauza mbale wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere, akafunde ndi kukhuta, osamupatsa kanthu. Aefeso 2:8-10 amaika zonse ziwiri pamodzi: tidapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, osati ndi ntchito, kuti wina asadzitame, komabe tidalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Nkhani imeneyi idagawa mpingo wa ku Ulaya kuyambira 1517, ndipo Akatolika adayankha ku Msonkhano wa Trent mu 1547. Koma pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse adasainirana chikalata chovomereza limodzi kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, ndipo Mzimu Woyera ndiye amamukonzekeretsa kuchita zabwino. Bungwe la padziko lonse la mipingo ya Reformed ndi Presbyterian lidavomereza chikalatacho mu 2017.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lakuti timasankha bwanji. Kuyambira kale aphunzitsi a mpingo, monga Thomas Aquinas, ndiponso chivomerezo cha Westminster cha 1646 m'mutu wake wa 19, adagawa chilamulo cha Mose patatu. Pali malamulo a makhalidwe, amene amaonetsa mtima wa Mulungu ndipo satha. Pali malamulo a miyambo ya chipembedzo, monga nsembe, mdulidwe, zikondwerero ndi zakudya, amene ankalozera kwa Khristu ndi kusiyanitsa Israele ndi mitundu ina. Palinso malamulo oyendetsera dziko la Israele, a milandu, minda ndi zilango. Ndivomereze kuti Mose sadalembe mayina atatuwa pambali pa malamulo ake. Pa Levitiko 19, lamulo lokonda mnzako monga udzikondera mwini lili pa vesi 18, ndipo vesi 19 likuletsa kuvala chovala cha nsalu za mitundu iwiri. Kugawaku ndi chida chotithandiza, ndipo chili ndi mphamvu pokhapo pamene Chipangano Chatsopano chikuchichitira umboni. Pa zakudya umboniwo ulipo. Levitiko 11 adaletsadi nsomba zopanda zipsepse ndi mamba, ndipo mlamba ndi kampango zilibe mamba; adaletsanso nkhumba, kalulu ndi mbewa, koma dzombe adaliloleza. Komabe pa Marko 7 Yesu adaphunzitsa kuti chodetsa munthu ndi chotuluka mumtima, osati cholowa m'kamwa, ndipo Akolose 2:16-17 akuti munthu asatiweruze pa zakudya ndi zakumwa, pakuti zimenezo zidali mthunzi wa zinthu zimene zinkabwera.

Malamulo oyendetsera dziko aja sitiwasunga monga adalembedwera, koma mtima wake ukutitsutsabe, ndipo apa ndi pamene ndikadakonda kuti okangana za mlamba achedwepo. Deuteronomo 24:14-15 akulamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, chifukwa mtima wake uli pa malipirowo. Ndi angati mwa ife, opemphera Loweruka ndi opemphera Lamulungu omwe, amene timalimitsa munthu m'dimba kapena kumusenzetsa mchenga tsiku lonse, madzulo n'kumuuza kuti adzabwere mwezi ukatha? Pa Mateyu 23:23 Yesu adadzudzula anthu opereka chakhumi ngakhale cha timbewu tonunkhira ta m'ndiwo, koma osiya zolemera za chilamulo, zomwe ndi chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Ndicho chikomekome cha mkuyu chija, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya Sabata ndi yolemera kuposa ya mlamba, ndipo alamu anu musawapeputse, chifukwa lamulo limeneli lili m'kati mwenimweni mwa Malamulo Khumi. N'zoona kuti Sabata la m'Baibulo ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, lomwe ndi Loweruka, ngakhale kuno kumpoto chilankhulo chimatisokoneza, poti m'Chitumbuka tsiku la Lamulungu ndilo limatchedwa Sabata. N'zoonanso kuti mpingo wa Seventh-day Adventist, m'chiphunzitso chake cholembedwa, umavomereza kuti chipulumutso chimadza mwa chisomo, ndipo umaona kusunga Sabata ngati chipatso cha kumvera. Mipingo ina imayankha kuti Akhristu oyamba ankasonkhana tsiku loyamba la sabata, tsiku limene Ambuye adauka, monga tikuonera pa Machitidwe 20:7 ndi 1 Akorinto 16:2, ndipo mlembi wachikhristu Justin Martyr, polemba cha m'ma 150, adafotokoza mapemphero a tsiku limeneli. Kotero mfumu ya Aroma Constantine, imene mu 321 idalamula kuti Lamulungu likhale tsiku lopuma, siidayambitse mwambowu, idaupeza. Ine ndimatsamira pa Aroma 14:5-6, pamene Paulo akuti wina amalemekeza tsiku lina kuposa linzake, wina amayesa masiku onse ofanana, ndipo aliyense atsimikize mumtima mwake ndi kuchitira Ambuye. Chimene sindingavomereze ndi kunena kuti tsiku ndilo limapulumutsa, kaya ndi Loweruka kaya ndi Lamulungu.

Mikangano yotere si yachilendo m'dziko muno. Mishoni ya Adventist ya ku Thyolo, imene idayamba mu 1902, imadziwika ndi dzina loti Malamulo, ndipo cha m'ma 1910 Charles Domingo, yemwe adaphunzira ku Livingstonia, ankatsogolera mipingo yosunga Loweruka m'dera la Mzimba. Mu 1908 ndi 1909 mlaliki Elliot Kamwana adabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay, ndipo chimodzi mwa zimene zidawakokera kwa iye chidali chakuti ku mishoni munthu ankadikira zaka m'kalasi asanabatizidwe. Amishoni ankaopa kubatiza anthu osamvetsa, ndipo mantha awowo adali ndi chifukwa. Koma anthu ambiri adaona ngati khomo la chisomo laikidwa maloko ochuluka.

Ngati chilamulo sichipulumutsa, ntchito yake kwa inu lero ndi yotani? John Calvin, mmodzi mwa otsogolera kukonzanso mpingo ku Ulaya, adatchula zitatu. Chili ngati kalilole amene amakuonetsani litsiro la kumaso, ngakhale kalilole sasambitsa munthu. Chimaletsa zoipa pakati pa anthu, kuti ngakhale wosaopa Mulungu aope kuba ndi kupha. Ndipo kwa wokhulupirira chimasonyeza njira yokondweretsa Atate, ntchito imene Calvin adaiyesa yaikulu pa zonse. Katekisma wa Heidelberg wa 1563 adaziyala mwanzeru: ali ndi zigawo zitatu, choyamba cha tsoka la munthu, chachiwiri cha chiwombolo, chachitatu cha kuthokoza, ndipo Malamulo Khumi adawafotokoza m'chigawo cha kuthokoza. Chakhumi nachonso malo ake ndi amenewo. Chipangano Chatsopano sichiika temberero pa Mkhristu wosafikitsa gawo lakhumi, ndipo alaliki oopseza amayi amasiye ndi Malaki 3 akulakwa. Koma 2 Akorinto 9:7 akuti aliyense apereke monga watsimikiza mumtima, mokondwera. Mwana wanu akhoza kuleka kuwerengera limodzi mwa magawo khumi, koma ngati chisomo chamufikitsa posapereka kalikonse, mumufunse kuti chisomo chimenecho chamuphunzitsa chiyani.

Za mwana wanu wamkazi ndizo zandikhudza kwambiri, ndipo ndizinena monga munthu amene adakhalapo pabwalo la akulu a mpingo. Zaka zapitazo, pampingo wina muno mumzinda, tidakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, mvula ikugunda malata moti tinkachita kukweza mawu kuti timvane. Adalowa mtsikana atabereka khanda kumbuyo, mapazi ali matope okhaokha, n'kugwada pasimenti yozizira. Tidamufunsa za masiku ndi miyezi, mlembi akulemba m'buku, tidamuuza nthawi ya chilango chake, ndipo adatuluka akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Palibe adafunsa za mnyamata, amene Lamulungu lomwelo adaimba nawo m'kwaya. Palibe adafunsa ngati mtsikanayo adali ndi ndalama ya sopo wochapira matewera. Mmodzi mwa osafunsawo ndidali ine. Chimene tidachita chidali chogwirizana ndi buku la malamulo a mpingo, koma ngakhale Levitiko 20:10, pa mlandu wa chigololo, amatchula mwamuna ndi mkazi yemwe, ndipo Agalatiya 6:1 akuti wogwa m'tchimo abwezedwe ndi mzimu wofatsa, obwezawo akudziyang'anira okha.

Sindikunena kuti mpingo uleke kulanga. Mpingo uli ndi udindo wotcha tchimo dzina lake, ndipo Paulo yemwe adalamula chilango ku Akorinto, ngakhale m'kalata yake yachiwiri adawauza kuti wolangidwa akhululukidwe ndi kutonthozedwa, kuti chisoni chingamumize. Koma mwana wanu amve kuchokera pakamwa panu kuti kuimitsidwa Mgonero si kuchotsedwa m'dzanja la Mulungu, ndiponso kuti miyezi yokhala pabenchi yakumbuyo siigula chikhululukiro, chifukwa chikhululukirocho chidagulidwa kale pamtanda ndipo chimalandiridwa tsiku limene munthu walapa. Nthawi ya chilango ndi ya mpingo, yoti uone kulapa kwake ndi kumuyendera. Ngati akulu a mpingo sadafike pakhomo panu chimuimitsireni, muli ndi ufulu wopita kwa mkulu wa dera lanu kapena kwa abusa kukawakumbutsa mwaulemu, ndipo amayi anzanu a Umanyano akhoza kuyamba ndiwo kumuchezera.

Kunena za mlamba uja, idyani ndi mtima woyera, mutayamika Mulungu. Koma Aroma 14 yemweyo akuti tisakhumudwitse mbale chifukwa cha chakudya, choncho tsiku limene alamu anu abwera kudzacheza muwaphikire chambo kapena nyemba, mumphika umene simudaphikiremo nkhumba, ndipo musawayese powabisira zimene chikumbumtima chawo chimakana. Iwonso muwapemphe mofatsa kuti awerenge vesi 3 la mutu umenewo, pamene pakuti wosadya asaweruze wakudya. Mlambawo ndi wowamba, suwonongeka. Muusunge m'dengu, mudzaphike alendo atapita.